Galimoto yanga imadziponda yokha buleki: ndiidalire mpaka pati?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene amagwira ntchito pa boma pano pa Mangochi koma banja lawo lili ku Zomba. Akuti agula Toyota yochokera ku Japan, ndipo amene anawagulitsa anawauza kuti ili ndi adaptive cruise control, "imadziyendetsa yokha, inu n'kungogwira chiwongolero." Anaiyesa pa msewu wa ku Liwonde n'kuona kuti zoonadi, ikayandikira galimoto ina imachepetsa yokha liwiro. Funso lawo ndi lakuti, popeza Lachisanu lililonse amanyamuka madzulo atatopa ndi ntchito, kodi angaidalire kuti iziwathandiza usiku, iwo n'kupumulako pang'ono?

Achimwene, zikomo pondilembera musanayese zimenezo. Yankho langa ndi lakuti ayi, usiku ndiponso mutatopa musaidalire. Chipangizochi chinapangidwa kuti chipumitse phazi lanu lakumanja basi. Maso anu ndi nzeru zanu sichingazilowe m'malo, ndipo amene anakuuzani kuti galimotoyo imadziyendetsa yokha anakuuzani zoopsa.

Kuti mumvetse, tiyambe ndi momwe chimaonera msewu. Kumphuno kwa galimoto yanu, nthawi zambiri kuseri kwa chizindikiro cha kampani chija, kuli rada. Imatumiza mafunde kutsogolo, mafundewo akagunda chinthu amabwerera, ndipo kompyuta imawerengera kutalika kwa chinthucho ndi liwiro lake poyerekeza ndi lanu. Galimoto zambiri zatsopanoko zilinso ndi kamera pamwamba pa galasi lakutsogolo, kuseri kwa kagalasi koonera kumbuyo. A Subaru m'galimoto zawo zambiri amadalira makamera awiri, amatcha EyeSight. A Honda amati Honda Sensing, a Nissan ali ndi ProPILOT. Maina ndi osiyana koma ntchito ndi imodzi: kusunga liwiro lomwe mwaika, ndipo kukakhala galimoto ina kutsogolo, kuitsatira pa mpata womwe mwasankha.

Nzeruyi si yatsopano ayi. Mitsubishi inaika chipangizo chotere m'galimoto yake ya Diamante mu 1995, ngakhale chinkangochepetsa moto ndi kutsitsa giya osaponda buleki, ndipo Mercedes-Benz inabwera ndi Distronic ya rada mu 1999. Koma taganizirani misewu yomwe akatswiriwo anali nayo m'mutu: misewu ngati wa Tomei wa pakati pa Tokyo ndi Nagoya, wotchingidwa mbali zonse, momwe munthu wapansi kapena wanjinga saloledwa n'komwe kulowa. Ndiye muyerekeze ndi M3 yathu, momwe phula limodzi lomwelo timagawana ndi akabaza, ana asukulu, ngolo za ng'ombe, mbuzi, ndi minibasi yoima paliponse pomwe munthu wakweza dzanja.

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, ndipo ndichedwapo. Rada imalandira mafunde obwerera kuchokera ku chilichonse: zikwangwani, mitengo ya m'mbali, zitsulo za pa mlatho, nyumba za malata. Zonsezi zaima. Kompyuta itati iziponda buleki pa chilichonse choima chomwe yamva, bwenzi simukuwoloka n'komwe mlatho wa Bakili Muluzi, chifukwa ikanaona zitsulo za m'mbali ngati ngozi. Choncho opanga anaiphunzitsa kuti pa liwiro lalikulu izisamala kwambiri zinthu zoyenda mbali imodzi ndi inu, ndipo zoima izizinyalanyaza nthawi zambiri. Vuto n'lakuti lole yofera pamsewu nayonso yaima. Mabuku a galimotozi amachenjeza poyera kuti chipangizochi chikhoza kulephera kuzindikira galimoto yoima, njinga yamoto, njinga yakapalasa, munthu wapansi kapena chiweto. Zokhala ndi kamera zimayesetsako kuposa zakale, koma chenjezolo silinachotsedwe.

Ine zinandionekera chaka chatha ndikuchokera ku Liwonde dzuwa litangolowa. Ndinali nditaika 90, ndikutsatira pikapu yomwe inkayenda pafupifupi 70, galimoto yanga ikuitsatira bwinobwino. Mwadzidzidzi pikapu ija inakhotera kumanja. Kutsogolo kwake kunali lole ya matumba a chimanga itafa, yopanda nyali, atangoyala nthambi pamsewu monga timachitira kuno. Chomwe galimoto yanga inachita ndi chomwe chimandiopsabe mpaka lero: inaona kuti yomwe inkaitsatira yachoka, n'kuyamba kuwonjezera moto kuti ibwerere pa 90. Ndinaponda buleki ndekha ndi mphamvu zanga zonse, n'kuima pafupi kwambiri ndi lole ija, nthambi zili pansi pa bampala. Phazi langa likanakhala litapindidwa pansi pa mpando, sibwenzi ndikukulemberani lero. Ndipo sikuti chipangizocho chinali ndi vuto ayi. Chinachita ndendende zomwe chinapangidwira.

Zomwezo zimachitika masana pa malo a malonda. Mwaika 90, mwalowa pa Ulongwe mukutsatira minibasi pa 40, mtima uli m'malo. Minibasi ija yapatuka kukatsitsa anthu. Galimoto yanu ikuona njira yatseguka, ikuponda moto, pomwe kutsogolo kuli azimayi akuwoloka ndi madengu ndi akabaza atadzaza msewu. Yokha sidziwa kuti pano m'pamsika. Mahampu siiwaona, maenje siiwaona, migolo ya pa rodibuloko ndi dzanja la wapolisi sizikuikhudza. Choncho mukangoona nyumba zayamba kuthithikana, gundani buleki pang'ono kuti chipangizocho chizime, muyende ndi phazi lanu mpaka mutatuluka. Ndipo musathamangire batani lolembedwa RES, chifukwa limabwezera galimoto pa liwiro lakale lija nthawi yomweyo.

Mwina mukuti, nanga si ilinso ndi buleki yadzidzidzi yoteteza kugunda? N'kutheka ili nayo, koma chimenecho ndi chipangizo china. Adaptive cruise control payokha imaponda buleki mofewa, yongokwanira kutsatira mnzanu akamachepetsa liwiro mwadongosolo. Pakafunika mphamvu zoposa pamenepo imangolira kukuchenjezani kuti pondani nokha. Buleki yadzidzidziyo imabwera pa mphindi yomaliza, ndipo pa liwiro la 80 kapena 100 kawirikawiri imangochepetsa mphamvu ya kugundako, osati kukuimitsani.

Tawerengani nokha. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola, galimoto imadya mamita 22 pa sekondi iliyonse. Pa 100 imadya pafupifupi 28. Pa chiwongolero panu pali batani losinthira mpata, ndipo pa dashibodi pamaoneka timizere. M'mabuku a Toyota zambiri, pa liwiro la 80, mpata wautali ndi pafupifupi mamita 50, wapakati 40, waufupi 30. Mamita 30 amenewo sakwana n'komwe sekondi imodzi ndi theka. Munthu wotopa, amene maganizo ali kale ku Zomba, sekondi imodzi ndi theka imatha asanasunthe n'komwe phazi. Ikani mpata wautali nthawi zonse, ngakhale ena azilowerera pakati.

Za kutopa ndiye ndikudandaulirani kwambiri. Kutentha kwa kuno mukukudziwa, makamaka mu Okutobala ndi Novembala. Munthu ukamaponda moto wekha, kusintha liwiro, kuyeza mpata, thupi limakhala ndi chochita. Ukachotsa zonsezo, n'kutsala ndi chiwongolero chokha pa msewu wowongoka wa m'mbali mwa nyanja ya Malombe, tulo timabwera mosagogoda. Chipangizo chimene mukufuna kuti chikuthandizeni pa kutopa ndi chomwecho chingakugonetseni. Ngati Lachisanu mwatopa, gonani, munyamuke Loweruka m'mamawa. Alamu ndi ana adzakondwa kukuonani m'mawa muli amoyo.

Pali china cha kwathu konkuno chomwe buku la ku Japan silingakuuzeni. Tikamachoka ku nyanja timagula chambo m'mbali mwa msewu n'kumangirira kunja kwa galimoto kuti isanunkhe m'kati. Ena amapachika pa kagalasi ka m'mbali, ena pa mawaipa, ena kumphuno kwenikweniko. Ngati mwaimangirira kumphuno, mwatseka diso la rada, pakuti mafunde ake savutika ndi chinthu china kuposa madzi ndi chitsulo, ndipo nsomba yaiwisi imakhala ndi madzi ambiri m'thupi mwake. Chimodzimodzi matope a nthawi ya dzinja, fumbi lokhuthala, tizilombo tofera pa galasi usiku, kapena chitsulo chotchingira kutsogolo chomwe ena amawotcherera. Mvula yamphamvu ndi dzuwa la m'mawa lolasa m'maso zimasokoneza kamera. Nthawi zina galimoto imalemba chenjezo n'kuzimitsa chipangizocho, koma imalemba m'Chijapanizi. Jambulani ndi foni, Google Translate ikuwerengereni, musangoti ndi zolembalemba.

Funsaninso mbiri ya galimotoyo. Ngati inagundidwapo kumphuno, kapena anasintha bampala, chizindikiro chakutsogolo kapena galasi lakutsogolo, rada ndi kamera zimafunika kuwongoledwanso ndi makina ake. Rada yopendekeka pang'ono chabe imayang'ana kumbali ikafika patali. Makaniko wathu wa pansi pa mtengo akhoza kukhala katswiri wa injini, koma ntchito iyi imafuna garaja yokhala ndi zida zoyenera.

Msewu wokwera ku Namwera, m'mapiri a ku Chowe muja, chipangizochi musachiyatse n'komwe. Pa makhotakhota rada imataya galimoto yomwe ikuitsatira, ndipo potsetsereka mumafunika giya yotsika ndi phazi lanu.

Sindikuti chipangizochi n'chachabe. Masana, kunja kuli kouma, pa zigawo zotseguka za msewu wa Liwonde kapena wa Monkey Bay pomwe mukuona patali ndipo m'mbali mulibe anthu, chimathandizadi. Mwendo supweteka, liwiro silikwera mosazindikira, ndipo chimakuletsani kunamatira kumbuyo kwa mnzanu. Ine ndimachigwiritsa ntchito pamenepo, phazi lili pafupi ndi buleki, osati pa moto, chifukwa mukangotsamiritsa phazi pa moto galimoto imamvera inu n'kusiya kudziponda buleki.

Musanapite nayo ulendo wautali, iphunzireni. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pemphani mnzanu ayende patsogolo ndi galimoto yake Lamulungu m'mawa msewu uli zii, azichepetsa liwiro pang'onopang'ono, inu muli kumbuyo phazi lili chire pa buleki. Muona ngati yanu imatsatira mpaka kuima, kapena ngati ili m'gulu la zakale zomwe zimangolira kamodzi n'kudzizimitsa liwiro likatsika pansi pa 40 kapena 30, n'kukusiyirani galimoto ikuyendabe. Yang'anitsitsaninso kachizindikiro ka pa dashibodi. Toyota zambiri, mukakanikiza batani loyatsira kwa kanthawi osalisiya, zimalowa mu cruise control wamba amene amangosunga liwiro osasamala za galimoto yakutsogolo, ndipo kusiyana kwake ndi kachithunzi kakang'ono ka galimoto komwe kamasowa pa chizindikirocho. Munthu akhoza kuyenda akudikira buleki yomwe siibwera.

Mundilemberenso mundiuze mtundu weniweni wa Toyota yanuyo ndi chaka chomwe inapangidwa, ndikuthandizeni kupeza buku lake la Chingerezi pa intaneti, tione limodzi masamba a machenjezo musanafike Lachisanu likubwerali.