Hřensko ndi chuma cha anthu odutsa

Wowerenga wina amene akukonza ulendo wopita ku Dresden, mzinda wa ku Germany, wandilembera kalata kufunsa ngati n'koyenera kugona ku Hřensko, kapena ngati mudziwu ndi "podutsira chabe" popita ku matanthwe otchuka. Mawu akuti podutsira chabe sanandikomere, ngakhale kuti ali ndi choonadi chake.

Hřensko ali kumpoto kwa dziko la Czech, pamalire ndi Germany, pomwe mtsinje wa Kamenice umathira mu Labe, umene Ajeremani amautcha Elbe. Amenewa ndiwo malo otsika kwambiri m'dziko lonse la Czech, mamita 115 kuchokera pamene pamalekezera madzi a m'nyanja yamchere. Nyumba zinandandalikana m'chigwa chopapatiza, mtsinje kumaso ndi thanthwe kumbuyo, moti palibe poti munthu n'kulima. Ine ndinafikako pa sitima ya pamtunda, ndinatsikira ku Schöna, mbali ya Germany, n'kuwoloka pa boti, popeza njanji inadutsa tsidya limenelo. Chimene chinandilandira si matanthwe ayi, koma timisika ta amalonda ochokera ku Vietnam, todzaza ndi fodya, mowa, zikwama ndi tizidole ta zisoti zofiira toika m'minda ya maluwa, zonsezo zodikira ogula a ku Germany. Dzuwa litapendeka, alendo anakwera mabasi ndi maboti, amalonda anatsitsa zitseko zachitsulo, ndipo mumsewu munatsala anthu ochepa kwambiri. Apo m'pamene ndinaona kukula kwenikweni kwa mudziwu, umene anthu ake ndi mazana ochepa chabe.

Kudalira odutsa sikunayambe lero. Dzina la malowa limapezeka m'zolembedwa za m'chaka cha 1475, ndipo kwa zaka mazana ambiri anthu ankadyera matabwa ndi mitengo imene ankayandamitsa pa Labe kupita kumunsi. Kenaka banja la Clary-Aldringen, eni ake a dera limeneli, linaona kuti matanthwe angathe kubweretsa ndalama kuposa nkhwangwa. M'chaka cha 1881 anamanga nyumba ya alendo ya Sokolí hnízdo pafupi ndi Pravčická brána, thanthwe lobooka ngati chipata limene ndi lalikulu koposa ena onse a mtundu wake ku Ulaya, ndipo mu 1890 anatsegula phompho la Edmund pa mtsinje wa Kamenice, momwe alendo ankayenda pa mabwato opalasidwa ndi mtengo wautali. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha mu 1945, anthu olankhula Chijeremani, amene ankautcha mudziwu Herrnskretschen, anathamangitsidwa, ndipo m'nyumba zawo munalowa anthu ena.

Madzi ndi moto

Maganizo anga ndi akuti chuma chotere n'chosalimba, ndipo amene amachitamanda sanauone mudziwu pa nthawi ya mavuto. Mu Ogasiti 2002 Labe anasefukira n'kumiza nyumba za m'chigwa, mu 2010 Kamenice anachita chimodzimodzi mwadzidzidzi, ndipo mu 2013 madzi anabweranso. Mu Julaye 2022 moto unabuka m'nkhalango yotetezedwa ya m'derali, ya České Švýcarsko, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 2000. Unatentha mahekitala oposa 1,000 pamodzi ndi nyumba zingapo ku Mezná, mudzi wapafupi, ndipo phompho la Edmund linatsekedwa kwa nthawi yaitali chifukwa cha mitengo yopsa imene ikanagwera anthu. Mlendo wa tsiku limodzi amangosintha ulendo wake, koma wopalasa bwato ndi mwini malo odyera alibe kwina kolowera. Amene amabwera ndi kamba wake, kujambula chithunzi n'kubwerera ku Dresden madzulo, amathandiza kuperepesa njira za m'matanthwe popanda kusiyapo kanthu kooneka.

Tsono inu amene munafunsa, gonani usiku umodzi, ku Hřensko komweko kapena ku Mezní Louka, kamudzi kapafupi. Funsani msanga njira zimene zili zotsegula, nyamukani m'mamawa kupita ku Pravčická brána gulu lisanachuluke, ndipo dziwani kuti kukwera pamwamba pa thanthwelo kunaletsedwa kuyambira 1982. Ngati malo ogona adzaza, tauni ya Děčín ili pafupi ndipo mabasi amayenda.