Boma latenga munda wathu, ndalama sizikubwera: titani?

Mayi wina wa ku Balaka wandilembera kuti akuluakulu aboma adayeza munda wa banja lawo mu 2022 kuti padutse msewu, koma chipukuta misozi sichidaperekedwebe, ndipo akufunsa ngati akuyenera kulandira ndalama zomwe zija zidalembedwa nthawi imeneyo.

Mayi, boma lili nayo mphamvu yotenga malo, koma gawo 44 la malamulo aakulu a dziko lino likuti izi zichitike pokhapokha ngati ntchitoyo ndi yothandiza anthu onse, eni ake adziwitsidwa mokwanira ndipo alipidwa moyenera, komanso khomo la khoti likhale lotsegula kwa wosakhutira. Malamulo a malo amene Nyumba ya Malamulo idavomereza mu 2016 adafutukula zoyenera kuwerengera: nthaka yeniyeniyo, nyumba, bizinesi yosokonekera ndi ndalama zosamukira. Kusakhala ndi chikalata chaumwini sikukuchotserani ufulu, chifukwa malo amakolo nawonso amalipiridwa.

Nkhani yanu yagona pa kuchedwako. Mu May 2022 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Ndalama imene ikadakugulirani malata ndi simenti ya nyumba yonse panthawi yoyeza ija, lero mwina singafike ndi pa mawindo pomwe. Ine ndikuona kuti malipiro otere sangatchedwenso oyenera, choncho lemberani kalata bwanamkubwa wa boma lanu yopempha kuti ayezenso katundu pa mitengo ya lero, ndipo kope lanu alidinde chidindo chosonyeza tsiku limene alandira. Ndibwino kuti nonse okhudzidwa musayinire kalata imodzi, nyakwawa yanu ikhale mboni, pakuti dandaulo la mudzi wonse silisowa msanga m'mafayilo.

Pemphaninso kuona pepala limene adalembapo katundu wanu. Nthawi zambiri mtengo wa mango wobereka umalembedwa ngati kamtengo wamba, tsinde la nsungwi limawerengedwa ngati mtengo umodzi, pomwe nkhokwe, khola, chitsime ndi dimba zimaiwalika. Musasayine kapena kudinda chala pa pepala limene simunawerengeredwe bwinobwino, chifukwa ena mwa mapepalawa amanena kuti mwakhutira ndipo simudzadandaulanso.

Akapanda kukuyankhani, dandaulo la kuchedwa mutha kupita nalo kwa Ombudsman, ofesi yomva madandaulo a anthu pa ntchito za boma, pomwe mkangano wa kuchuluka kwa ndalama ngwa kukhoti, ndipo a Legal Aid Bureau amathandiza amene sangakwanitse kulipira loya.