Kodi Flash idakali ndi ntchito popanga masamba a pa intaneti?

Funso: Akonzi, ine ndine wophunzira ndipo ndimakhala ku Matawale mumzinda wa Zomba. Amalume anga anandipatsa buku lakale lophunzitsa Flash, ndipo ndikufuna kupangira alimi a mpunga a kufupi ndi nyanja ya Chilwa tsamba limene mlimi angalembepo matumba amene wakolola n'kuonanso mtengo wa tsikulo pa foni yake. Anzanga akuti ndisiye bukulo ndiyambe React. Ndimvere ziti?

Yankho: Bukulo lisungeni pokumbukira amalume anu, koma nthawi yanu musathere pamenepo. Kampani ya Adobe inasiya kusamalira Flash Player, pulogalamu imene inkaonetsa makanema ndi masewera pa masamba a pa intaneti, pa 31 Disembala 2020, ndipo ma browser (mapulogalamu otsegulira masambawo) monga Chrome ngakhalenso Firefox satsegulanso zinthu zopangidwa ndi Flash. Kutha kwake kunayamba kuoneka mu 2010 pamene Steve Jobs, mkulu wa kampani ya Apple pa nthawiyo, analemba kalata yofotokoza chifukwa chimene iPhone sinkalolera Flash, ndipo china mwa zimene anadandaula nacho chinali chakuti imatha batire msanga.

Ntchito ya Flash inalandidwa pang'onopang'ono ndi JavaScript, chinenero cholembera mapulogalamu chimene Brendan Eich anapanga mu 1995. Gmail itatuluka mu 2004 ndi Google Maps mu 2005, anthu anaona kuti tsamba lingathe kukatenga kauthenga kamodzi kokha ku seva (kompyuta imene imasunga tsambalo) n'kukaika pamalo pake popanda kutsegulidwanso lonse, ndipo njira imeneyi, yotchedwa Ajax, ndi yomwe ingamasinthe mtengo wa mpunga patsamba lanu. Kenako HTML5, mtundu watsopano wa HTML (chinenero cholembera masamba), inabweretsa makanema ndi mawu mu browser momwemo. React, imene Facebook inatulutsa mu 2013, inathandiza kuti tsamba lizimangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono togwiritsidwa ntchito mobwerezabwereza, ndipo pambuyo pake kunabwera zida zina zofanana nayo, Vue mu 2014 ndi Svelte mu 2016.

Anzanuwo sanalakwitse, chifukwa React ikufunidwa kwambiri ndi olemba ntchito, komabe ine sindingakulangizeni kuyambira pamenepo. React inamangidwa pa JavaScript, choncho munthu amene sanadziwe bwino HTML, CSS (yokonzera maonekedwe a tsamba) ndi JavaScript amangokopera zimene ena analemba, ndipo tsiku limene tsamba lavuta sadziwa pogwira.

Chimene chikundikhudza kwambiri ndi mlimi amene mukumupangirayo. Foni yake ndi yotsika mtengo, bandulo amagula ya ndalama zochepa, ndipo netiweki kumudzi imabwera n'kumadukaduka. Failo iliyonse imene muwonjezere patsambalo iyenera kutsika mu foni yake ndi ndalama zake, kotero tsamba lolemba matumba ndi kuonetsa mtengo lingapangidwe bwinobwino ndi JavaScript yokha. Likadzakula, yesani Svelte, poti imagwiriratu ntchito yambiri pa kompyuta yanu ndipo imatumiza ku foni zinthu zochepa.

Muphunzirenso za service worker, kapulogalamu kamene kamasunga tsamba mu foni kuti lizitseguka ngakhale netiweki palibe. Zimene mlimi walemba zingasungidwe kaye mu IndexedDB, mosungira zinthu mu browser ya foniyo, n'kudzatumizidwa netiweki ikabwerera, koma dziwani kuti service worker imafuna tsamba la HTTPS, kutanthauza lotetezedwa, limene adiresi yake imayamba ndi https. Mukamaliza, musakhutire ndi mmene likuonekera pa laputopu ku Matawale. Bwerekani foni ya mlimi mmodzi ku Kachulu m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, mumusiye alembe yekha matumba ake inu mukuonerera pamene akuvutika.