Kochi wopanda wezulo: nkhani ya mpira wa ku Saint John's

Mphunzitsi wina wa kusekondale, amenenso amaphunzitsa timu ya anyamata pasukulupo, wanditumizira imelo. Akuti: "Achimwene, ndinamva kuti ku America kuli koleji yaing'ono kumene kochi ankapambana popanda kuimba wezulo kapena kukalipira osewera. Kodi n'zoona, kapena ndi nthano za pa intaneti? Kunotu ana samva ukapanda kuwazazira."

Aphunzitsi, n'zoona ndithu. Kolejiyo ndi Saint John's University, ku Collegeville m'chigawo cha Minnesota, pafupi ndi tauni ya St. Cloud. Kochiyo anali John Gagliardi. Masewero ake ndi mpira wa Chimereka uja wovala zipewa zolimba n'kumagundana ndi mapewa, osati wamiyendo wathuwu, koma nkhaniyi imakhudza aliyense amene anaimapo pabwalo ndi ana a eni ake.

Sukuluyi inayambitsidwa mu 1857 ndi ansembe ndi abulazala a chipani cha Benedikito Woyera, ndipo mpaka lero amakhala pompo, pakati pa nkhalango ndi nyanja zing'onozing'ono. Ndi ya anyamata okhaokha, osakwana n'komwe 2,000; atsikana amaphunzira pafupi, ku College of Saint Benedict. Bwalo lawo, Clemens Stadium, lili m'chigwa chozunguliridwa ndi mitengo ya paini, moti ochemerera ambiri amangokhala pamtsetse wa udzu atavala zofiira. Pali ngakhale buledi wawowawo, Johnnie Bread, amene wakhala akuphikidwa pamalopo kuyambira kalekale. Timu yawo imasewera mu Division III ya NCAA, bungwe loyendetsa masewero a m'makoleji ku America, gawo limene lamulo lake limaletsa kulipirira mwana fizi chifukwa cha masewero. Aliyense amene wavala yunifolomu wabwera yekha, chifukwa choukonda mpirawo. Musaiiwale mfundo imeneyi, tibwererako.

Gagliardi anabadwa mu 1926 ku Trinidad, m'chigawo cha Colorado. Mu 1943, ali ndi zaka 16, kochi wa timu ya sekondale yake anaitanidwa kunkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndipo timu ikanatha. Mnyamatayo, amene anali kaputeni, anatenga udindowo. Poti panalibe womuphunzitsa ukochi, anangochotsa zonse zimene iye monga wosewera ankadana nazo. Chimodzi mwa izo chinali lamulo la nthawi imeneyo loletsa osewera kumwa madzi pa zokonzekera, poganiza kuti ludzu limalimbitsa munthu. Anyamatawo anamwa madzi, ndipo anayamba kupambana.

Ataphunzitsa zaka zinayi ku Carroll College ku Montana, anafika ku Saint John's mu 1953. Analowa m'malo mwa Johnny "Blood" McNally, katswiri wakale wa timu yotchuka ya Green Bay Packers, amene anachoka ali wotsimikiza kuti pasukulu imeneyi palibe angapambane. Chaka choyamba chomwecho Gagliardi anatenga ukatswiri wa ligi yawo, MIAC. Anakhala pamalopo zaka 60, mpaka 2012.

Mwambo wake unali mndandanda wa zinthu zosachita. Wezulo ayi. Kumutchula "kochi" ayi, ngakhale mnyamata wongofika kumene ankamuitana John. Kugwetsana pansi pa zokonzekera ayi, ndipo kumeneku n'kumene kunkadabwitsa anthu kwambiri, chifukwa kugwetsana ndiwo mtima wa masewero amenewa. Kukakamiza anthu kunyamula zitsulo ayi. Zokonzekera sizinkapitirira ola limodzi ndi theka. Sankachotsa munthu m'timu chifukwa chochepa luso, moti zaka zina osewera ankaposa 150, manambala a pamajezi n'kutha, awiri n'kumavala nambala imodzi. Onse a chaka chomaliza anali makaputeni.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi kamwambo kena kakang'ono. M'malo mwa majowajowa otopetsa aja oyambira, anyamata ankagona chagada pa udzu, aliyense n'kuyang'ana kumwamba, kenaka n'kucheukira mnzake wa pambali kumuuza kuti lero kunja kwacha bwino. Taganizirani zimphona zoposa zana zili gone, zikuyang'ana mitambo. Ine ndikakumbukira ndili Fomu 2, tikudumpha ngati achule kuzungulira bwalo dzuwa lili paliwombo chifukwa mmodzi wa ife anachedwa, misozi imalengeza. Mnzanga wina, amene phazi lake lamanzere linali labwino kuposa la tonsefe, anavula nsapato tsiku limenelo n'kuzikolowekera paphewa, osabweranso. Palibe amene anamulondola kukamufunsa.

Nanga zinkatheka bwanji? Pamasewero onse a makoleji amene Gagliardi anatsogolera, anapambana 489, kugonja 138, kufanana mphamvu 11. Palibe kochi wina wa mpira umenewu m'makoleji a ku America, aakulu ndi aang'ono omwe, amene anafikapo pamenepo. Anatenga zikho zinayi za dziko lonse: 1963, 1965, 1976 ndi 2003. Chaka cha 2003 chomwecho anadutsa kochi Eddie Robinson wa kukoleji ya Grambling, amene anali ndi zipambano 408, kenaka m'ndime yomaliza anakwapula Mount Union 24 kwa 6, timu imene inali itapambana masewero 55 motsatizana. Kuyambira 1993, wosewera wopambana onse mu Division III amalandira mphoto yotchedwa Gagliardi Trophy.

M'kuona kwanga, chinsinsi sichinali kufatsa kokha. Nthawi imene ena ankathera pogundana ndi kulangana, iye ankaithera pobwereza kaseweredwe, kubwereza ndi kubwerezanso, mpaka aliyense adziwe poima ndi pothamangira ngakhale atadzidzimutsidwa kutulo. Osewera ake ankafika Loweruka ali athunthu, pamene anzawo anali atavulazana okhaokha pakati pa sabata. Ndipo popeza mnyamata wosalipiriridwa fizi akhoza kuchoka tsiku lililonse, Gagliardi anazindikira kuti amene wakhala ayenera kukhala chifukwa akusangalala. Amene sanali kanthu chaka choyamba nthawi zina ndiye ankanyamula timu chaka chachinayi. Akanamuchotsa, akanadziwa bwanji?

Pali mwambo wina umene unawathera m'manja, ndipo umandimvetsa chisoni. Adani enieni a Saint John's anali University of St. Thomas ya ku St. Paul, nayonso ya Katolika. A Saint John's amatchedwa ma Johnnie, a St. Thomas ma Tommie. Mu 2017 masewero awo anachitikira ku Target Field ku Minneapolis, ndipo kunabwera anthu 37,355, khamu loti likanatsala pang'ono kudzaza Bingu National Stadium. St. Thomas inakula, inalemera, inayamba kugagada timu zing'onozing'ono mopanda chisoni, mpaka 97 kwa 0 pokumana ndi St. Olaf. Mu 2019 inatulutsidwa mu ligi, ndipo mu 2021 inakwera kupita ku Division I, gawo lapamwamba kwambiri. Mkangano wa zaka zoposa 100 unathera pomwepo. Gagliardi sanazione zimenezi. Anamwalira mu Okutobala 2018 ali ndi zaka 91.

Tsono ku mawu anu akuti ana samva ukapanda kuwazazira. Sindingakunamizeni kuti mukataya wezulo mawa, chikho chibwera. Gagliardi anali ndi sukulu imene inamusunga zaka makumi asanu ndi limodzi, ndi anyamata amene abambo awo anasewera pansi pa iye yemweyo, obwera akudziwa kale mwambo. Inu mwina mudzasamutsidwa zaka zitatu zisanathe, ndipo mpira muli nawo umodzi, wosokasoka. Koma anyamata anu akufanana ndi ake pa chinthu chachikulu: palibe amene akulipidwa, ndipo ena amasiya ntchito za kunyumba kuti abwere pabwalo. Ndikanakhala inu, temu ino ndikanayesa zinthu ziwiri. Ndikanaleka kulanga gulu lonse chifukwa cha mmodzi, ndipo ndikanaleka kubweza amene sanalowe m'gulu la oyamba 11, asewere okhaokha mbali ina ya bwalo ngakhale ndi mpira wa mapepala. Lembani mayina a amene abwera sabata yoyamba, mudzawerengenso sabata yomaliza, kenaka mundilembere kuti atsala angati.