Anakudyetsa kudziko la eni, pita ukawalire

Mtsikana wathu wina amene akuphunzira ku Guangzhou, m'dziko la China, wandilembera mtima uli wosweka. Akuti mnzake wa m'kalasi ankapita naye kwawo pafupifupi Loweruka lililonse, ndipo agogo a mnzakeyo, amene onse pakhomo ankawatcha Popo, ankamuphikira phala la mpunga n'kumamukakamiza kuwonjezera, ngakhale awiriwo sankamvana chilankhulo. Agogowo anatisiya iye ali mkati mwa mayeso, moti kumaliro sanafikeko. Tsopano banja lamuitana ku mwambo wa tsiku la 49. Akufunsa choti avale, choti anyamule, ndiponso ngati iye monga mkhristu angawerame pamaso pa chithunzi cha malemu.

Mdzukulu wanga, pita. Zinazi tikambirana, koma za kupita usachite kuganiza kawiri. Munthu amene anakuona uli wekha kutali ndi amayi ako n'kukuikira mbale patsogolo, ameneyo ndi gogo wako. Ndipo banja likaitana mlendo pa mwambo ngati umenewu, dziwa kuti lakuwerengera m'gulu la ana a pakhomo.

Zimene ndikuuzezi ndinaziphunzira kwa mpongozi wanga, amene kwawo ndi ku Guangdong komweko, chigawo chimene kuli mzinda wa Guangzhou, pamene amayi ake anamwalira. Kumeneko amawerenga masiku asanu ndi awiri kuchokera tsiku la imfa, n'kuchita kamwambo, kenaka enanso asanu ndi awiri, mpaka kasanu ndi kawiri. Ndiwo masiku 49 amenewo. Chikhulupiriro chake chinachokera kwa Abuda: amati m'masiku amenewa mzimu umakhala uli pa ulendo, sunafike kumene ukupita. Tsiku wakuitanidwalo ndi lomaliza, lotsanzikana.

Uvale zakuda, zoyera kapena zotuwa, zosawala. Chofiira usachiyandikire, ngakhale kampango kapena zopaka pamlomo, chifukwa kwa iwo chofiira ndi cha ukwati ndi chaka chatsopano, pamene choyera ndi cha maliro. Ukafuna maluwa, gula oyera kapena achikasu, aja amati chrysanthemum.

Pa chipepeso usamale. Ife kuno ungapepese maliro ngakhale patapita miyezi, ndalama ili m'manja, ndipo palibe angadabwe. Kumeneko ndalama ya maliro imaperekedwa mu envulopu yoyera, ndipo imakhala ngati 101 kapena 301 yuan, nambala yosagawika pawiri, poti zobwera ziwiriziwiri amazifunira pa zosangalatsa zokha. Koma mabanja ambiri salandira ndalama imeneyi maliro akadutsa, amaona ngati ukuitana imfa ina. Choncho umufunse mnzakoyo pambali musananyamuke. Akakana, nyamula zipatso basi.

Tsopano za kuwerama, zomwe ndikuona kuti ndi zimene zakusowetsa tulo. Udzapeza chithunzi cha Popo, patsogolo pake zofukiza, tiyi, zipatso ndi chakudya chimene ankachikonda. Ena adzawotcha mapepala opangidwa ngati ndalama. Aliyense amawerama katatu. Funso lakoli si lachilendo, mwana wanga. Mpingo wa Katolika unakangana nalo kwa zaka zambirimbiri, mpaka mu 1939, m'nthawi ya Papa Pius XII, unavomereza kuti akhristu a ku China angathe kuwerama pamaso pa malemu kapena chithunzi chake monga ulemu kwa makolo. Ine maganizo anga ndi omwewo. Iwe sunagwadepo popereka madzi kwa agogo ako? Unkawapembedza kodi? Unkawalemekeza. Werama katatu, mumtima ukupempherera mzimu wawo kwa Mulungu amene umamudziwa. Ngati mtima wako ukukana kugwira zofukiza kapena kuwotcha mapepala, umuuze mnzakoyo kusanache, osati pamaso pa akuluakulu, ndipo nthawi ikafika uime mwakachetechete manja ali pamodzi. Chimene sindifuna kumva n'chakuti unakayamba kulalikira anthu olira kuti zimene akuchita ndi zamafano. Pa maliro a eni sitiphunzitsa eni kulira.

Usadabwe ukaona kuti palibe akubuma monga timachitira kwathu. Mwinanso pa chakudya padzakhala kuseka. Munthu akafa atakalamba ndithu, ataona zidzukulu, Achaina amati amenewo ndi maliro a chimwemwe, poti moyo unakwanira. Pa tebulo, timitengo todyera usatizike choimika mu mpunga, chifukwa timaoneka ngati zofukiza za akufa. Kwa akuluakulu unganene mawu awo opepesa akuti jie ai, ndiko kuti chepetsani chisoni. Ukawatchula mokhota palibe kanthu, adzamva mtima wako.

Koma chimene ndikufuna ukachite kwenikweni si za zovala kapena maluwa. Banjalo likudziwa Popo monga mayi, monga gogo, monga apongozi. Iwe wekha ndi amene ukudziwa Popo amene anakonda mwana wa ku Malawi osamvana naye ngakhale liwu limodzi. Mbali imeneyo ya moyo wawo ili ndi iwe, ndipo ukapanda kuinena itayika. Mukakhala pansi kudya, upemphe mnzakoyo akumasulire, uwauze mmene agogowo ankakugwirira dzanja, mmene ankakalipira ukasiya chakudya m'mbale, tsiku limene unadwala chimfine iwo n'kukutumizira msuzi. Usachite manyazi misozi ikatsika. Mpongozi wanga mpaka lero amakumbukira mnansi wina amene anabwera kudzamuuza kuti amayi ake ankamusungira ana iye ali ku ntchito, nkhani imene iye mwini sankaidziwa.

Tsiku la 49 likadutsa usazimiririke. Chaka chilichonse pa 4 kapena 5 Epulo kuli Qingming, tsiku limene mabanja amapita kukasesa pamanda, kuzula udzu ndi kusiya chakudya ndi maluwa, ndipo kuyambira 2008 ndi tchuthi cha boma, kotero sukulu sidzakuletsa. Akakuitana upite nawo, ukagwire tsache monga umachitira tikamalambula kumanda kwathu. Ndipo upemphe amayi a mnzakoyo akuphunzitse kuphika phala lija mmene Popo ankaphikira, madzi ochuluka bwanji, moto wotani, ginger amalowa nthawi yanji. Ukadzabwera kumudzi udzandiphikire, ndidzalawe nanenso chimene anakudyetsa agogo ako a ku Guangzhou.