Bambo akusiya mankhwala a BP, titani agogo?

Mdzukulu wanga, wandiuza kuti bambo ako anawapeza ndi BP koma akangomvako bwino mapilitsi amawasiya, azakhali akubwera ndi zitsamba, achimwene ako ku Joni akutumiza mankhwala ena, aliyense akunena zake ndiye iwe mutu wangozungulira. Tamvera bwino.

Khalani pansi ngati banja musankhe gadiyani mmodzi, mmodzi basi, woti azisunga kabuku ka kuchipatala kaja ndi kupita nawo pa tsiku lokaonana ndi adokotala. Kabuku kaja musamagule katsopano nthawi iliyonse kakasowa pang'ono, muli mbiri yonse mmenemo, adokotala akasintha kapena mukatumizidwa ku Central amaona mmenemo kuti anayamba ndi mankhwala ati, BP inali bwanji mwezi watha. Mapilitsi aku Joni aja ndi botolo la azakhali mutenge zonse mu jumbo mukaonetse, musabise poopa kukalipiridwa, chifukwa mwina akumwa mankhwala amodzimodzi kawiri osadziwa ndipo chizungulire chimayambira pomwepo.

BP siimva kuwawa mwana wanga, munthu amatha kulima bwinobwino makina akuonetsa kupitirira 140/90, tsiku lina kungodzuka mbali imodzi yafa ziwalo. Akamva bwino ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito, si kuti achira ayi.

Koma tsono pakamwa pako samala. Mwana saloza bambo ake chala pamaso pa anthu, ukawakalipira ngati khanda adzangoti eya eya kenako mapilitsi pansi pa pilo. Afunse mwaulemu uli pansi kuti bambo chikukuvutani nchani, mwina akukodza pafupipafupi usiku, mwina chifuwa chouma, mwina ndi nkhani ya m'nyumba yoti sangakuuze iweyo, pamenepo tuma achimwene awo kapena mnzawo wa kumpingo, ndipo kuchipatala amatha kusintha mtundu wa mankhwala.

Za mchere zimandiwawa kwambiri. Mumaphikira wodwala ndiwo zake zozizira pambali inu nkumanyambita zamchere pamphasa yomweyo, angapirire masiku angati? Mchere wa munthu mmodzi pa tsiku lonse usapitirire magalamu 5, kasupuni ka tiyi kamodzi, ndipo soda wa mu therere ndi timakyubu tokometsera ndiwo tija tilinso mgulu lomwelo. Chepetsani mumphika wa banja lonse pang'onopang'ono, mbale ya mchere ichoke pamphasa. Mayi ako akhale nawo pokambirana poti mphika ndi wawo, ndipo nambala ya alangizi a zaumoyo a mmudzi mwanu uisunge mufoni.