Achemwali, mapaketi a ku China a chifuwa choumawo imani nawo kaye

Achemwali, ndaona zimene mwalemba, zoti wina akukutsatsani mapaketi a mankhwala a ku China oti muwagulire amayi anu pa chifuwa chawo. Ndalamayo musatumize kaye. Pamene ndawerenga kuti chifuwa cha amayi anu chatha mwezi, chouma, chopanda makhololo, komanso kuti amamwa mankhwala a BP, thupi langa lachita tsembwe. Ndikulemba mothamanga, mundikhululukire ngati zitalike.

Lero lomwe funsani dzina la mapiritsi a BP akumwawo, aone pakabokosi kapena m'buku lawo lakuchipatala. Ngati ndi enalapril, captopril kapena lisinopril, onse othera ndi "pril" aja, chifuwacho chikhoza kukhala chikuchokera pomwepo. Mapiritsi amenewa amadziwika kuti amayambitsa kutsokomola kouma, kokereketa pakhosi, kovuta kwambiri usiku, ndipo amakonda kutero kwa azimayi. Munthu akadamwabe piritsilo, palibe muzu wa ku China kapena wakwathu kuno umene ungachichotse.

Musandimve molakwa, mankhwala achitchaina a chifuwa chouma enieni alipo, ine ndinamwapo ndili pasukulu ku Beijing. Kumeneko kuyambira Seputembala mpweya umauma zedi, ndiye pakati pa Novembala akayatsa mapaipi otenthetsa m'nyumba, basi milomo kung'ambika, m'mphuno kuuma, kutsokomola usiku wonse. Eni ake amati kuuma kwalowa m'mapapo, ndipo ali ndi misakanizo yakeyake yakalekale. Ina inalembedwa ndi sing'anga Wu Jutong m'buku lake la 1798. Pali Sang Xing Tang, wa masamba a mabulosi, njere za apricot, muzu wa sha shen ndi makoko a chipatso cha pear, umene amapereka chifuwa chikabwera ndi ludzu ndi kutentha thupi pang'ono. Pali Xing Su San wa chifuwa chobwera ndi kuzizidwa. Palinso Mai Men Dong Tang, wakale kuposa yonseyi, wa sing'anga Zhang Zhongjing, momwe muli ngakhale mpunga ndi zipatso za jujube. Chifuwa chomwecho chouma, koma woperekayo amasankha malinga ndi munthu wake. Dokotala amene anandiona ine anandiuza kuti nditulutse lilime, anagwira mitsempha ya manja onse awiri, anafunsa ngati ndimatuluka thukuta usiku ndiponso ngati ndikumwa mankhwala ena. Asanalembe chilichonse ananditumiza ku X-ray. Mankhwalawo anawiritsa okha pachipatalapo n'kundipatsa m'timapepala tapulasitiki tomata, madzi abulauni owawa, a masiku ochepa chabe, n'kuti ndibwerere akaonenso lilime. Pakhosi panafewa, ngakhale kuti kamakina konyowetsa mpweya kamene ndinaika m'chipinda nakonso kanachita mbali yake.

Tsono zimene anachitidwa amayi anga ndi zina.

Ankamwa enalapril pamodzi ndi kapiritsi kokodzetsa kaja, HCTZ. Chifuwa chinawagwira, osagona, nthawi zina akatsokomola kwambiri mkodzo n'kudontha, mpaka anayamba kukhala kumbuyo kutchalitchi kuopa manyazi. TB anayezetsa, sanawapeze nayo. Ndiye kunabwera mayi wina wakumpingo kwawo komweko, wa mabizinesi olembetsana maina aja, atanyamula chikwama cha mapaketi olembedwa Chitchaina chokhachokha. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti anagwiritsa ntchito dzina langa. Akuti, "Mwana wanu uja anaphunzira ku China, amenewa ndi amene ankamwa kumeneko, mukamufunse." Amayi sanandifunse, ankadziwa kuti ndikalipa za mtengo. Anagulitsa chimanga chawo n'kugula. Tiyi katatu patsiku, kuonjezera timibulu takuda tating'onoting'ono. Lilime sanawaone, BP sanawayeze, za mapiritsi akuchipatala sanafunse n'komwe. Mapazi atayamba kutupa, mutu kuwawa kunkhongo, amayi anakadandaula. Mayiyo akuti, "Ndi poizoni akutuluka ameneyo, onjezerani."

Ndinapita kumudzi kukawaona, osadziwa kanthu. M'bandakucha ndinangomva ndowa phuu kubafa. Kuthamangirako ndinawapeza atakhala pasimenti yonyowa, chitenje chitanyoweratu, akuyesa kugwira khoma kuti adzuke koma dzanja likungoterereka. Anandiyang'ana n'kuti, "Mwanawe, miyendo sikundimvera." Mtsempha wapakhosi ukuoneka kugunda, kenako kudumpha, kenako kugundanso. Ndinawagwira m'khwapa kuti ndiwakweze, miyendo inangopindika yokha. Mchimwene wanga anathamangira kwa aneba a galimoto, kupeza mulibe mafuta. Tinadikira mnyamata wa njinga yamoto apite kukafuna a m'chigubu, ine nditawakhazika pamphasa pakhonde, ndikuwapukuta, iwo akungopepesa kuti atisowetsa tulo. Tangoganizani, munthu akukomoka koma akupepesa. Tinawagoneka pamatilesi kumbuyo kwa pikiapu, msewu wafumbi, bampu iliyonse iwo n'kutsokomola chifuwa chomwe chija, chimene mapaketi onsewo sanachikhudze n'pang'ono pomwe.

Kuchipatala namwino anayeza BP, osayankhula, anasintha mkono n'kuyezanso, kenako anatuluka changu kukaitana dokotala. Inali itadutsa 200. Magazi atayezedwa anapeza kuti potassium, mchere wina wam'magazi wofunika ku minofu ndi mtima, watsikiratu, n'chifukwa chake miyendo inafooka, mtima n'kumadumpha. Dokotala anati tibweretse chilichonse chimene amamwa, ngakhale chimene tikuchita nacho manyazi. Apo m'pamene amayi analoza jumbo imene anaibisa pansi pa zovala m'chikwama. Ndinatembenuza paketi, zilembo zija ndimaziwerenga, ndipo pamndandanda panali gan cao, muzu wotsekemera uja wa licorice, m'tiyimo ndi m'timibulu momwe.

Gan cao amapezeka m'misakanizo yambiri yachitchaina, ya chifuwa ndiye musanene. Pang'ono, kwa masiku ochepa, munthu wathanzi samva kanthu. Koma ukamamwa wambiri kwa masabata, thupi limasunga mchere ndi madzi, n'kumataya potassium, BP n'kukwera. Kapiritsi kokodzetsa kaja nako kamataya potassium. Ndiye amayi ankakhetsedwa mbali ziwiri, tsiku ndi tsiku, wina akuwauza kuti onjezerani. Anagonekedwa, anawapatsa potassium, dokotala anachotsa enalapril n'kuika mapiritsi ena a BP otchedwa losartan. Patapita masabata ochepa chifuwa chinatha chokha, popanda muzu uliwonse.

Mayi wa mapaketi uja ndinamuimbira tili muwodi. Yankho lake? Akuti amayi sanamwe ndi chikhulupiriro, akuti mwina pali dzanja la munthu, akuti anthu ena onse akuchira. Nditamufunsa kuti andiuze chinthu chimodzi chokha chimene chili m'paketimo, anadula foni, madzulo ake n'kundibuloka. Kuchipatala sanapondeko, ngakhale nthochi imodzi sanatumize. Ndalama ya chimanga inapita. Mpaka pano amakhala mpando wakutsogolo atavala yunifolomu yoyera, chikwama chija chili pambali, ndipo ndikamuona mtima wanga umawira. Anthu amenewa amasaka okalamba amene atopa ndi mizere yakuchipatala, amadziwa kuti agogo sangawerenge Chitchaina, ndipotu iwo eniwo sawerenganso. Wogulitsa wanuyo mufunseni funso lomwelo, muone ngati sayamba kukuuzani za maumboni a anthu a ku Zambia.

Ndipo gan cao si yekha wofunika kumuchenjerera. Njere zowawa za apricot, xing ren, zimene zili m'misakanizo yambiri ya chifuwa, zili ndi poizoni wa mtundu womwe uja wa m'chinangwa chowawa. Monga chinangwacho timachiviika kaye, njerezi nazo amazikonza n'kuziyeza pasikelo magalamu ochepa, ndipo mwana akatafuna zambiri zosakonza akhoza kufa. Timapiritsi tina tabulauni ta licorice ta chifuwa, Fufang Gancao Pian, muli ufa wa opium pang'ono, si tongomwa miyezi. Chuan bei mu, kaanyezi koyera kamene Atchaina amakadalira pa chifuwa chouma, n'kodula ngakhale kwawo komweko ndipo achinyengo amakasakaniza ndi mitundu yotchipa. Wina akamakugulitsani paketi yaikulu akuti ndi chuan bei weniweni, dzifunseni kuti wamupeza bwanji.

Chinanso, mwezi wathunthu ndi nthawi yaitali. Chifuwa chikadutsa masabata awiri amayeza TB, ndipo m'zipatala zaboma kuyeza ndi mankhwala omwe ndi zaulere, miyezi 6 munthu n'kuchira. Pali msakanizo wina, Bai He Gu Jin Tang, umene mabuku awo amati ndi wa chifuwa chouma chokhala ndi timagazi, thukuta la usiku ndi kutentha thupi madzulo. Werenganinso zizindikiro zimenezo, achemwali. Ndi zomwe zija amatifunsa kuchipatala akamaganizira chifuwa chachikulu. Munthu akhoza kufewetsa pakhosi ndi mizu kwinaku TB ikudya mapapo, adzukulu akugona naye chipinda chimodzi. Mukawatengere akayezedwe, ngakhale akane kuti sanaonde. Ngati amaphika ndi nkhuni m'khitchini yotseka, kapena amamva chilungulira akagona, mukanene zimenezonso, zonsezi zimatsokomoletsa. Mapiritsi a BP asasiye okha, akasinthe ndi dokotala.

Pakadali pano, kuti agoneko usiku, pali zimene ndimachita ndekha. Atchaina amatenga pear, chipatso choyera chamadzimadzi chija chamusitolo, osati mapeyala athu opaka pabuledi, amachotsa njere, kuikamo shuga wamibulu kapena uchi, n'kuchiphika ndi nthunzi mpaka chifewe, kudya ndi madzi ake omwe chikadali chofunda. Chimathandiza kukereketa. Ngati pear wadula, uchi m'madzi ofunda basi. Ndisaname, botolo la Nin Jiom Pei Pa Koa, madzi akuda okhuthala a ku Hong Kong a masamba a loquat ndi uchi, m'nyumba mwanga silisowa, nyengo ya fumbi ya Okutobala ndimanyambita supuni usiku ndipo ndimagona bwino. Koma namonso muli licorice ndi zotsekemera zambiri, amayi anga sindiwapatsa, ndipo ngati anu ali ndi shuga musayerekeze. Mukafunitsitsa zachitchaina, apite kwa munthu amene anaphunziradi, wowaona lilime, kuwayeza BP ndi kuwerenga buku lawo lakuchipatala, osati wa chikwama.

Paketi imene akukutsatsaniyo muijambule kutsogolo ndi kumbuyo, makamaka pamene pali tizilembo ting'onoting'ono, munditumizire ku inbox pamodzi ndi chithunzi cha mapiritsi a BP aja. Ndikuwerengerani ndikaweruka madzulo ano.